Mlandu Umene Padiri Sanaugamule

Asipayi awiri, apolisi a boma la Apwitikizi, anandipeza ndikutola thonje m'munda mwanga ku Ngauma, Lolemba lina m'chaka cha 1955. Wamkuluyo anati ndisiye dengu, a shefi, mkulu wa dera, akundifuna ku ofesi ya boma ku Mandimba pamodzi ndi buku langa. Bukulo linali Baibulo lachinyanja la Apulotesitanti limene ndinabwera nalo kuchokera ku minda ya tiyi ku Nyasalande. Lamulungu lililonse ndinkaliwerengera anansi anga patsinde pa mango, ngakhale ndinabatizidwa ku mishoni ya Akatolika ndili mwana.

A shefi sanafunse zambiri. Mbalamatodya, thabwa lomenyera, inagwira ntchito yake m'manja mwangamu, ndipo kwa sabata ziwiri mkaidi mnzanga ndiye ankandimwetsa madzi. Kenaka a shefi anatitumiza tonse awiri ku ndende ya ku Cuamba. Msipayi wa pakhomo sanandibisire.

"Iwe ndi wa ku Santome, ku chilumba chogwiritsa akaidi ntchito ya kalavulagaga. Changotsala ndi kalata ya padiri yonena kuti ndiwe wampatuko."

Padiri anabweradi, nkhalamba yotsimphina imene inandibatiza. Ndinali nditakonzeka kale kumuda. Koma anauza mkulu wa boma, ine ndikumva, kuti popeza anandibatiza ndi iye, mlandu wa chikhulupiriro changa ndi wa mpingo, ndipo boma lingandigwire pokhapokha mpingo utagamula. Anawonjeza kuti mwa lamulo lawo lakale, munthu satchedwa wampatuko asanaphunzitsidwe mokwanira n'kuumabe khosi. Mkulu uja anafiira nkhope, koma sananditumize ku Santome.

Choncho mwezi uliwonse padiri ankafika pa njinga yamoto, n'kukhala pa bokosi, n'kundifunsa funso limodzi lokha. Tinkakangana za kupemphera kwa Mariya mpaka thukuta kamukamu. Sindinagonje, iyenso sanagonje, ndipo ankanditcha nkhutukumve. Potuluka ankayima pakhomo la ofesi n'kunena mawu awiri: "Mlandu sunathe."

Magulu atatu a akaidi anatengedwa kupita ku Santome ine ndikuona. Mnzanga wondimwetsa madzi uja anali m'gulu lachiwiri.

Mu 1956 kunabwera mkulu wina wa boma. Anapeza mkaidi wopanda kalata, wongotha ufa, n'kulamula kuti ndizipita kwathu. Padiri ndinamupeza pachipata. Ndinamuuza kuti asanyengeke, sindinasinthe.

"Ndikudziwa, mwana wanga. Wasokera ndithu. Tidzapitiriza."

Anamwalira patapita zaka zitatu tisanapitirize. Sindinabwerere ku tchalitchi chake, koma ndinamulira ngati bambo wondibereka. Ndalima, ndakwatitsa ana, ndakalambira pamudzi panga, ndipo mlandu wanga ukadali m'manja mwake.