Dzanja la Mchira

Amalume anga ndi wolemba zikwangwani. Aliyense wodutsa mumsewu wathu ntchito yawo waiona: pa ometa tsitsi, pa okonza mafoni, pa kasitolo ka misomali, ngakhale kumbuyo kwa malole ena. Imadziwika ndi zinthu ziwiri. Zilembo zokhala ndi michira, monga p, g, y ndi j, mchira wake sutsika mowongoka. Umanjenjemera pang'ono ngati ulusi wogwera m'madzi. Ndipo pakona ya m'munsi, pamene ena amaikapo dzina lawo, amalume amalembapo timawu titatu: Dzanja la Mchira.

A Mchira ndi amene anawaphunzitsa ntchitoyi. Ine sindinawapeze ali moyo, choncho zimene ndilembe za iwo ndazimva kwa amalume ndi kwa mayi amene malemuwo anawasiya. Dzinalo anapatsidwa ndi anthu chifukwa cha michira italiitali ya zilembo zawo. Amalume anapita kwa iwo ali munthu wamkulu kale, ntchito ya pasitolo ya nsalu itawathera. Panalibe ubale, koma ankawatchula kuti achimwene.

"Achimwene sankaphunzitsa ndi pakamwa," amatero amalume. "Ukafunsa ankati, maso uli nawowo ndi owerengera ntchentche?"

Ndiye amalume ankangopenyetsetsa. Anatengera zonse: kagwiridwe ka burashi, kakokedwe ka chingwe chopaka choko polemba mizere, kasungunulidwe ka penti. Chimene chinawavuta kwambiri chinali kunjenjemera kwa michira kuja. Anathera manyuzipepala ambirimbiri akuyeserera, mpaka dzanja lawo linaphunzira kunjenjemera mwadala.

Amalume asanafike, a Mchira anali atagwapo pamakwerero n'kuvulala msana. Kuchipatala anawapatsa mapiritsi opha ululu. Pamene dokotala anasiya kuwalembera, ululu unali utachepa koma chibaba chinali chitakula. Anayamba kugula kuseri kwa depoti ya basi, kwa anthu a majekete akuluakulu, n'kumasunga mapiritsiwo m'kachitini ka penti pakati pa zitini zinzake. Amalume ankakadziwa kachitiniko. Ankati ndi mankhwala a msana, ndipo ndikukhulupirira kuti ankaganizadi choncho. A Mchira eni ake ankachita nazo nthabwala.

"Piritsi lomweli likatulukira pawindo la chipatala ndi mankhwala, likatuluka m'thumba la jekete ndi mlandu. Kodi piritsi limadziwa kumene latulukira?"

Tsiku lina masana a Mchira anakhala pampando wawo, n'kutsamira khoma, burashi ataiviika m'palafini. Amalume anayesa akuwodzera, nayamba kuyenda monyang'ama kuti asawadzutse. Anamaliza chikwangwani chathunthu ali nawo m'chipindamo, osadziwa kuti ali okha.

Mpandowo ukadali pomwepo. Amalume sakhalapo, salolanso mlendo kukhalapo. Nthawi zina amanena, osaseka, kuti akamakoka mchira wa chilembo amamva ngati wina wawagwira dzanja.

Chaka chatha namwino wamkulu wa kachipatala ka m'dera lathu anawaitana kuti alembe chenjezo pakhoma loyang'ana kumsewu. Mawu ake anali akuti: Mapiritsi ogula pamsewu amapha ululu, amaphanso mwini. Amalume anawawerenga kangapo, kenako n'kufunsa namwinoyo funso la a Mchira lija, limene anali atalisunga zaka zonsezi.

"Piritsi silidziwa kanthu, bambo," anatero namwinoyo. "Koma pawindo pali munthu wodziwa polekezera. Wa jeketeyo amafuna mubwerenso mawa. Thupi likazolowera limapempha ochuluka, ndipo ochulukawo amachedwetsa kupuma mpaka munthu amagona osapumanso. Lamulo silidana ndi piritsi. Limaopa dzanja lopereka losanena kuti basi."

"Nanga mowa bwanji? Suja umagulitsidwa poyera?"

"Bambo, ine ndakuitanirani khoma. Za nyumba ya malamulo mukafunse konko."

Tsiku limene amalume anayamba kulemba mizere ndinalipo, ndili pamzere ndi mwana wanga wodwala chifuwa. Ndinaona mayi a kwa a Mchira akubwera. Ndi telala, ali ndi makina awo pakhonde la sitolo ina, ndipo tepi yoyezera inali ikadali m'khosi. Anaima pansi pa makwerero.

"Alamu, tsikani kaye. Pakona paja mulembapo chiyani?"

"Zomwe ndimalemba masiku onse, alamu."

"Pakhoma ili ayi. Anthu anayamba kuiwala. Mukufuna aliyense wodikira basi aziti, paja ameneyu ndi uja anapita ndi mapiritsi? Mdzukulu wake amadutsa pano popita kusukulu, ndipo amawerenga chilichonse, ngakhale mapepala otaya."

Amalume anapukuta manja pa ovololo yawo nthawi yaitali.

"Ndikapanda kulemba ndiye kuti ndaba," anatero. "Dzanjali si langa. Kuyambira tsiku limene ndinagwira burashi ndekha sindinasiyepo khoma lopanda dzina lawo. Ndiyambe lero, pakhoma lomwe likunena za iwo?"

"Dzanja lake? Inu dzanja lake munalionapo?"

Mayiwo sanadikire yankho. Anatembenuka n'kumapita.

Khoma linakhala masiku angapo lili ndi mizere ya choko yokha. Amalume ankafika m'mawa, kutsegula zitini, kutakasa penti, kutsekanso. Dzinalo akalilemba, apweteka mayi amasiye ndi kamwana. Akalisiya, akana munthu amene anawapatsa chakudya cha moyo wonse. Namwino anawafunsa ngati akudikira kuti mvula ifufute choko kuti ayambirenso.

Zotsatirazi sindinazione, ndazimva kwa onse awiri ndipo sakusiyana. Mayi aja anabweranso atasenza thabwa lokutidwa ndi nsalu. Analitsitsa, kuliyedzamitsa pakhoma, n'kuvundukula. Chinali chikwangwani chakale, penti itazilala, chonena kuti pano timasoka ndi kupinda zovala. A Mchira anawalembera mayiwo asanakwatirane, asanagwe pamakwerero paja.

Michira yake inali yowongoka ngati chingwe chokoka. Inali yaitali, yotsika kamodzi, yopanda ndi kamfundo komwe.

"Mwamuna wanga ndi uyu," anatero mayiwo. "Chimene munaphunzira inu ndi m'mawa wake asanameze mapiritsi. Dzanja linkagwedezeka mpaka atatsegula kachitini kaja. Silinali luso limenelo, alamu. Chinali chibaba."

Amalume anakhala pachitini cha penti. Akuti anayang'ana mumsewu, kumtunda ndi kumunsi, n'kuona zikwangwani zawo zonse nthawi imodzi: pa ometa, pa mafoni, pa misomali. Paliponse panali kunjenjemera komweko. Zaka zonsezo ankati akulemekeza mphunzitsi wawo, chonsecho ankapachika matenda ake pakhomo la sitolo iliyonse.

"Bwanji simunandiuze kale?"

"Ndikanayambira pati? Inu mumakondwa nazo, anthu amalipira, ndipo ine ndikamadutsa ndinkangoyang'ana pansi." Kenako anati, "Mutu wanu ndikuudziwa, ndi wouma ngati burashi yoiwalidwa padzuwa. Ngati dzinalo mulilemba, mulilembe ndi dzanja ili. Mdzukulu wake akaliwerenga, aone agogo ake enieni."

Mayiwo anasiya thabwalo pomwepo.

Mawu akuluakulu a chenjezo amalume anawalemba ndi dzanja lawo la masiku onse, chifukwa lina analibe. Namwino anasangalala nawo, amvekere zilembozo zikuoneka ngati nazonso zikudwala.

Kenako amalume anagwada pakona. Pa timawu titatu tija, chilembo chokhala ndi mchira ndi chimodzi chokha, j wa m'mawu akuti dzanja. Anayang'ana thabwa lija, kugwira mkono wamanja ndi dzanja lamanzere, n'kuyamba kukoka atabanika mpweya. Mchirawo unatsika bwinobwino, wowongoka, mpaka pafupi ndi mapeto. Pothera penipeni burashi inagwedezeka. Panatsala kamfundo kakang'ono, koti munthu wosadziwa sangakaone.

Amalume amalumbira kuti sanachitire dala. Ndinawafunsa kawiri, pa masiku osiyana, ndipo yankho silinasinthe.

Anatenga kansanza konyowa ndi palafini kuti afufute. Mayi aja anali atabwera kudzatenga thabwa lawo, ataima kumbuyo kwawo. Anawerama, kuyandikitsa maso, n'kuyang'ana kachilemboko kuyambira kumwamba mpaka kumunsi.

"Musafufute," anatero. "Ameneyonso ndinakhala naye."

Khomalo lilipo mpaka lero. Amalume, imvi zili mbuu, abwereranso ku manyuzipepala akale. Masana ntchito ikachepa amayala nyuzipepala patebulo n'kumakoka michira, mzere ndi mzere, kuyesa kuiwongola. Ina imatheka. Akamachita zimenezi amakhala chofulatira mpando uja.