Eunice ndi Lamulo la Mwezi Umodzi

Eunice Kamwendo anafika ku Chitipa mu 1978, mwamuna wake Wallace atasamutsidwa kuchokera ku Ntcheu kudzagwira ntchito ya ukalaliki paboma. Anawapatsa nyumba ya malata mumzere wa antchito, pamodzi ndi malamulo ake: osaweta, osalima pabwalo, ndipo mlendo asapitirire mwezi.

Eunice sankasewera ndi lamulo. Khadi la chipani silinkachoka m'chikwama mwake. Mayi ake atabwera akudwala miyendo, mwezi utangokwana anawakweza basi, onse awiri misozi ili chuchuchu.

Kukhomo loyandikana nawo kunkakhala Rhoda Namukonda, namwino wa ku Kaseye, konko ku Chitipa. Iyeyu ankasunga bambo ake akhungu chaka ndi chaka, nkhuku zikuyendayenda kuseri, popanda womufunsa. Eunice ankasuzumira pawindo n'kumaona Rhoda akumeta mkuluyo ndevu padzuwa, akuseka m'Chilambya. Mtima unkamuwawa mpaka chakudya osalowa.

"Kodi malamulowa ndi a ife obwera tokha?" Eunice anamufunsa mwamuna wake tsiku lina.

"Zisiyeni, mayi," anatero Wallace. "Masiku ano pakamwa m'poopsa."

Eunice sanazisiye. Anakanena kwa mkulu woyang'anira nyumbazo, ndipo bwanayo atabwera, Eunice anaima pakhonde ngati akusesa.

Rhoda sanabise kanthu. "Bwana, nyumba ndi ya boma, nzoona, koma adada ndi anga. Ndikawasiye kwa yani?"

Bwanayo anayang'ana mkulu wakhungu uja nthawi yaitali, nachoka kukatula nkhaniyo ku komiti ya nyumba. Komitiyo itakumana, zinapezeka kuti mabanja ambiri ankabisa abale m'makhitchini. Lamulo linasintha: kholo kapena wodwala azikhala mmene mwini khomo wafunira, bola kudziwitsa ofesi.

Madzulo ake Rhoda anabwera ndi mazira m'mbale, nathokoza m'Chitumbuka. "Yewo chomene, amama. Ndamva kuti nkhaniyi munaiyambitsa ndinu. Mwatimasula tonse."

Eunice analandira mbaleyo nkhope ili pansi. Anatumiza uthenga ku Ntcheu kuti mayi abwere, koma yankho linali lakuti anakhazikika kale kwa mng'ono wake ku Balaka, ndipo msewu wa kumpoto sangaupirirenso.

Mzere wonse unadzaza ndi makolo a anthu ena. Eunice ankawapatsa moni m'Chitumbuka chake chothyokathyoka, koma kwa Rhoda sanapondeko mpaka Wallace atapuma ntchito, iwo n'kubwerera kwawo.