Seva Imene Inkakana Dzina Langa

Fodya wathu atabwezedwa kawiri ku okushoni, ndinaganiza zopita ku Joni. Ndinali ndi pepala la zamakompyuta, koma pa Boma pa Kasungu ntchito yanga inali yochotsa mavairasi m'mafulashi a aphunzitsi. Bambo ndinawapeza m'chigafa kwathu ku Njombwa akumasula mabelo obwererawo. Nditawauza, sanadzutse mutu.

"Pita, Yotamu," anatero. "Koma ukatuluka pano, dzina lako sindidzalitchulanso."

Anali mphunzitsi wopuma, munthu wosabweza mawu, ndipo kuuma mutuko ine ndinatengera komweko. Sindinawapepese. Ndinangowasiyira laputopu yanga yakale, kamodemu ndi kasola kotchajira.

Kompyuta sidziwa mayina, imadziwa manambala. Ukalemba dzina la tsamba, imayamba yafunsa kompyuta ina, seva ya mayina, kuti dzinalo likupezeka pa nambala iti. Ine ndinali ndi kaseva kanga kotere pa intaneti, kophunzirirapo, ndiye ndinatchera laputopuyo kuti izifunsa kumeneko basi. Ndinawasonyeza polemba. "Mukalemba apa dzina la chimene mukufuna, makinawa achipeza."

Ku Joni zaka ziwiri zoyamba ndinkakoka mawaya m'masiling'i a maofesi, n'kumagona anthu asanu m'chipinda chimodzi. Kenako kampani ina yosamalira manetiweki inanditenga. Ntchito yanga inakhala yomweyo ya mayina: kulemba m'maseva kuti makina akuti ali pa nambala yakuti, ndi kuuza makompyuta a makasitomala kofunsa. Ndalama ndinkatumiza kwa mlongo wanga Enelesi, namwino pa Boma, pamodzi ndi ya bandulo ya kamodemu kaja. Ndikaimba, amayi ankalankhula mpaka mayunitsi kutha. Bambo nthawi zonse amakhala kuti angopita kumene kudimba.

Komabe ndinkawaona. Seva imasunga kaundula wa mafunso onse, ndipo m'mawa uliwonse isanakwane sikisi laputopu ya ku Njombwa inkafunsa tsamba la nkhani, la nyengo, ndi la mitengo ya fodya. Ndinkamwa tiyi ndikuyang'ana mizere imeneyo ikutuluka. Anthu aseke, koma mumzinda wa eni uja moni wanga wa m'mawa unali umenewo. Pantchito tinazolowera kusefa mafunso olephera, chifukwa makina amafunsa zinyalala zambiri. Pa kaseva kanganso ndinaika sefa yomweyo, kuti ndiziona okhawo amene ayankhidwa.

Chaka chachisanu, mvula ili mkati, bambo anamwalira. Pemiti yanga yokhalira ku Joni inali itatha, ndipo ndinaopa kuti ndikaoloka malire sindibwereranso kuntchito. Sindinapite kumaliro a bambo anga. Manyazi ake ndikadali nawo.

Kaundula uja anangoti zii. Patapita milungu isanu ndi umodzi, chifukwa cha kupukwa, ndinachotsa sefa ija kuti ndione ngakhale zinyalala zimene laputopu yawo inasiya. Ndinapeza kuti m'mawa womwewo, mphindi khumi isanakwane sikisi, laputopu ya ku Njombwa inali itafunsa dzina limodzi lokha: yotamu. Pambali pake panali yankho la seva yanga, loti dzina limeneli palibe. Dzulo lake chimodzimodzi, dzana chimodzimodzi, mpaka pamene kaundulayo ankathera, poti ndinamutchera kuti azifufuta zopitirira mwezi.

Ndinamuimbira Enelesi.

"Laputopu ija ili m'sutikesi ya bambo, achimwene," anatero. "Ndinakhoma ndekha, kiyi ndili naye kuno ku Boma. Bwanji?"

Ndinati palibe. Mawa lake ndinakhala pa kompyuta kudikira, dzuwa litawala kale pa zenera. Nthawi itakwana mzere wa dzina langa uja unatulukiranso pamaso panga.

Kwathu mwana amakula akudziwa kuti ukamva dzina lako uli kumunda, woitanayo osamuona, suyankha. Kuti seva iyankhe pankangofunika mzere umodzi, dzina ndi nambala, ntchito imene ndinkagwirira makasitomala tsiku ndi tsiku. Ndinatsegula failo yolembamo mayinayo kangapo, n'kuitsekanso osalemba kanthu. Kusiya kulipira bandulo ndinakanikanso, chifukwa kunali ngati kumutseka pakamwa munthu. Miyezi isanu ndi iwiri ndinakhala choncho, kuitanidwa m'mawa uliwonse, makina anga omwe n'kumandikana. Ndinaonda, malamba n'kuboola mabowo ena. Potsiriza ndinasiya ntchito n'kukwera basi.

Pa Boma ndinatsika masana, kabaza n'kundifikitsa kumudzi. Chigafa chinali chitapendekera mbali imodzi. Amayi atalira n'kutonthola, ananditengera kumanda, kenako tinalowa m'nyumba. Pa tebulo la bambo panali chinthu chovindikiridwa ndi kansalu koluka. Pakona panali sutikesi, loko wake ali lende.

"Enelesi anakhoma, ine ndinathyola ndi mpeni," anatero amayi. "Usakamuuze."

Ndinakhala pansi. Amayi sukulu analekeza sitandade thuu. Ndinawafunsa kuti anadziwa bwanji kulemba pamenepo. Anavundukula laputopuyo. Pa mabatani asanu ndi limodzi zilembo zinali zitafufutika, pangotsala posalala.

"Ndimangotsata mofufutikamo, monga ankachitira bambo ako. Ndinkawaonera kumbuyo."

"Bambo ankalemba dzina langa?"

"Kuyambira sabata imene unachoka. Ankayambira pamenepo asanaone za fodya wawo. Si iwe unati ukalemba dzina makinawa amapeza? Pakamwa analumbira kuti sakutchula, koma zala sizinalumbire nawo." Anapukuta fumbi pa galasi ndi nsonga ya chitenje. "Ankati makina akungobweretsa a Yotamu a eni, wathu sakumudziwa. Ndiye ankati mwina mawa."

Zaka zisanu ndinkadziona wochenjera kuti ndikuwasuzumira bambo iwo osadziwa. Funso limodzi lokha limene linali langa ndinalitaya pamodzi ndi zinyalala, ndi sefa yoika ndekha. Ndinalira kuposa mmene ndinalirira kumanda kuja.

Madzulo asanafike ndinatsegula failo ija pa foni n'kulemba mzerewo. Ndinaganiza nthawi yaitali za nambala yoti ndiike, poti ku Joni ndinalibenso malo. Ndinaika nambala ya laputopu yomweyo. Aliyense wofunsa za Yotamu auzidwe kuti ali m'nyumba ya bambo ake.

Kutacha ndinakhala pakhonde, foni ili m'manja, amayi akusesa pabwalo. Chitseko chinali chotsegula, ndipo tebulo ndinkaliona bwinobwino, kansalu kali pomwepo. Mphindi khumi isanakwane sikisi mzere unatuluka. Laputopu inafunsa dzina langa, seva n'kuyankha.

"Amayi, mwaiyatsa lero?"

Sanasiye kusesa. "Ndikufunirenji m'makina, iwe uli pano?"

Ndine munthu wa ntchito imeneyi, ndipo ndikhoza kutchula zifukwa zingapo zimene kompyuta yotseka ingabwerezere funso la dzulo. Sindinafufuze ngakhale chimodzi. Tsopano ndakhala kuno nyengo ziwiri za fodya, chigafa ndinachiimika, bandulo ndimalipirabe. Kaundula ndimamutsegula m'mawa uliwonse wopanda sefa. Chiyankhidwire tsiku lija, dzina langa silinafunsidwenso.