Tsiku Limene Ba Anti Anasambitsa Sitima

Ndine amene ndinayambitsa zonse, ndipo musadikire kuti ndigwade. Kiyi ndinapereka ndine, beseni ndinanyamula ndine, ngakhale mswachi wakutha umene unagwira ntchito yaikulu unali wanga.

Ndinachoka kwa amayi ku Kaunda Square kukakhala kwa mlongo wawo, ba Ankolo, ku Woodlands, chifukwa sukulu ya sekondale imene anandipezera inali kufupi ndi kumeneko. Nyumbayo inali ndi chipinda cha ba Ankolo ndi ba Anti, china cha ana awo aakazi, ndi china cha sitima. Ine ndinkagona m'kolido, pa matiresi imene ndinkaipinda m'mawa uliwonse. Aliyense wopita kuchimbudzi ankandidumpha, ndipo ba Ankolo sankadziwa kudumpha.

Iwo anapuma ntchito ya panjanji, koma njanji sinawachoke m'mutu. Pa thabwa lodzaza chipinda chonse anamangapo dziko lawo: phiri la waya wa nkhuku ndi manyuzipepala, mlatho wa timitengo ta machesi, kamgodi, kasiteshoni, ndi njanji yopapatiza moti chala changa chaching'ono sichinkalowa pakati pake. Mabogi ake anali onenepa, ankagwedezeka poyenda ngati mayi wojintcha atavala gogoda. Ankayendera magetsi odzera m'njanji momwemo.

Ndinkaloledwa kulowa pokhapokha akafuna manja ena, ndipo malangizo ankabwera pamodzi ndi zitonzo.

"Iwe, mchenga wa pa njanji tisefa, sitimwaza monga udyetsa nkhuku! Guluu uthile madzi, na kadontho ka sopo ya mambale kuti aloŵe pansi. Kadontho, nakamba! Mutu monga dzungu."

Koma chipembedzo chawo chenicheni chinali kukalambitsa. Bogi ikatha kupangidwa, yokongola bwinobwino, iwo ankayamba kuiwononga mwaluso. Dzimbiri ankalipanga poviika kawaya kotsukira mapoto mu viniga. Mwaye wa pa injini unali makala operapera. Mitanda ya njanji ankaithimbiriritsa ndi tiyi wopanda mkaka, ndipo m'munsi mwa mabogi ankapaka fumbi lofiira limene anakalitapa okha m'mbali mwa msewu ku Chelstone, ati la ku Woodlands ndi lotuwa. Zonsezi ndi kaburashi ka tsitsi lowerengeka, lilime lili panja.

"Sitima yong'anima ni chidole cha mwana," ankatero. "Sitima yeniyeni ioneke kuti yavutika. Ndipo dzimbili silifuna kuthamangila."

Mawu a chidolewa anali ndi mwini wake: mdala wina wa ku Kabulonga, amene mwana wake amamutumizira masitima kuchokera kunja, ali m'mabokosi, owala ngati mano a golide. Anakumana m'sitolo ya zitsulo m'tauni akulimbirana kachitini komaliza ka penti, ndipo kuyambira pamenepo akhala akudana mokhulupirika. Ba Ankolo anakaona za mdalayo n'kumuuza pamaso kuti ndi zoseweretsa za ku nasale. Mdalayo anati tidzaone zanuzo. Ba Ankolo anamudikiritsa mpaka bogi yomaliza itachita dzimbiri, kenako anamuitana kuti abwere Loweruka adzaphunzire ntchito.

Sabata imeneyo ba Ankolo anandiponda khutu m'kolido. M'mawa ndinapempha mwaulemu kuti ndiziyala matiresi pansi pa thabwa la sitima, poti malo analipo okwana anthu awiri.

"Mpweya wako uzabweletsa chinyezi pa njanji," anayankha osandiyang'ana n'komwe.

Chabwino.

Lachisanu anafunditsa dziko lawo nsalu ya pabedi kuti lisagwe fumbi wamba pa fumbi lawo lophunzira, anakiya, n'kupita kutauni. Kiyi ankaibisa mu jombo yakale ya kuntchito. Ba Anti anali asanalowemo chichokereni tsiku limene anasesa kang'ombe ka pulasitiki n'kukataya kudzala. Ndipo ba Anti ndi munthu amene amatsuka ndi pansi pa mbaula pomwe.

"Ba Anti, muziŵa kuti ba mdala ba ku Kabulonga babwela na ba madamu bawo mailo?"

Anasiya kupukuta mbale. Madamuwo ali nawo m'chigwirizano chimodzi kutchalitchi, ndipo ndi aja oyendetsa chala pa shelefu ya mnzawo uku akufunsa za ana.

"Bazaloŵa mu chipinda chija?"

"Ndiye kwamene bayenda. Ine sinikamba vambili. Ba Ankolo maso yawo yafooka, mwina siyaona."

Ndinawapatsa kiyi. Nditavundukula nsalu ija, ba Anti anagwira pakamwa.

"Mayo ine! Mu nyumba yanga? Dzimbili! Mwaye! Ici cinthu cinagwela mu ngalande?"

"Nibweletse madzi otentha?"

Tinagwira ntchito ngati tikulandira abusa. Bogi iliyonse inasamba ndi sopo wa ufa ndi mswachi wanga. Injini sitinaiviike, ndinawaletsa ndine. Sindine mfiti ayi. Tinangoipukuta mpaka inaonetsa nkhope. Denga la kasiteshoni linataya dzimbiri lake lonse. Pomaliza ba Anti anatenga polishi wa pakhonde, anapaka pa pulatifomu, ndipo ataona kuti watsala pa kansanza anapitiriza ndi njanji yonse, kuzungulira mpaka kuphiri. Ine ndinkadziwa chimene polishi amachita pa njanji ya magetsi. Sanandifunse.

Tinafunditsanso, tinakiya, kiyi inabwerera mu jombo.

Loweruka alendo anafika pa galimoto yawo yaitali. Ba Ankolo anavala chipewa chawo cha kuntchito. Anaimiritsa aliyense pakhomo n'kuyamba ulaliki.

"Manje ba mwine, apa muzaona kusiyana kwa munthu ogula na munthu opanga."

Anakoka nsalu.

Dzuwa linalowa pawindo n'kugunda mabogi aja, chipinda chonse chinachita ngwee. Ba Ankolo anangoima, nsalu ili m'manja, kukamwa kuli yasa.

Mdala wa ku Kabulonga anawerama pang'onopang'ono, anavala magalasi, ananunkhiza.

"Shani, ba injiniya? Iyi ndiye sitima yamene yavutika? Inunkhila monga kolido ya chipatala. Yanga yamene munanena kuti ni ya ku nasale siifika apa. Mugwilitsa sopo bwanji, nikauze wa nchito wanga?"

"Koma ukhondo, amayi!" anatero madamu aja, chala chawo chitabwerako chopanda kanthu. Ba Anti anamwetulira ngati apambana chisankho.

Ba Ankolo anayatsa magetsi. Injini inanjenjemera, inayenda pang'ono, inaima, inayendanso. Pofika pokwera phiri mawilo anangozungulira malo amodzi, kenako sitima yonse inatsetsereka chammbuyo mwaulemu mpaka pasiteshoni pamene inachokera.

"Yaiŵala chikwama," anatero mdalayo. Anaseka mpaka anakhala pa mpando wa ba Ankolo osapatsidwa.

Geti isanatsekeke bwino, nkhondo inabuka. Ba Ankolo anakuwa kuti ntchito ya miyezi yatha ndi thovu. Atafotokoza kuti litsirolo linali lopanga dala, komanso zimene ankapangira, ba Anti ndiye anapsa mtima koposa.

"Kanshi ndimwe! Tumawaya twanga twa mapoto, viniga yanga, sefa yanga ya tiyi! Ine kukalipila ana tsiku na tsiku, kawalala ali na imvi!"

"Nani anakuuzani kuti muloŵe?"

"Ni nyumba yanga!"

"Kiyi munaipeza kuti?"

Onse anatembenukira kwa ine. Ndikanatha kuoneka wachisoni, ndimatha ndithu, koma ndinakumbukira sitima ija ikubwerera chammbuyo, ndipo phwete linandithawa m'mphuno.

Khutu lomwe analiponda lija ndi limene analikoka. Anaimbira amayi, amayi anandilalatira pa foni mpaka batire inawathera. Kenako chigamulo chinaperekedwa, ba Ankolo ataloza thabwa.

"Holide yonse, kulibe kuchaya bola, kulibe tauni. Uzachotsa polishi pa njanji, uzabwezela dzimbili pa bogi iliyonse monga mwamene inalili. Uzadyela muno, uzagona muno, mpaka usilize!"

Ndinaweramitsa mutu kuti asaone mano. Ndinakakoka matiresi yanga m'kolido n'kuiyala pansi pa thabwa. Pali mphepo yabwino ya pawindo, pali soketi ya foni, palibe wondidumpha.

Holide inatha, sukulu inatsegulidwa, ine ndikadali momwemo. Ba Ankolo amalowa, amanyamula bogi, amaiyang'anitsitsa pawindo, amang'ung'udza kuti ndikuchedwa. Koma sangandichotse, chifukwa dzanja langa silinjenjemera ngati lawo, ndipo mdala wa ku Kabulonga amaimbabe foni kufunsa ngati sitima yasamba sabata ino.

"Iwe, uzasiliza liti?"

"Ba Ankolo, munakamba mweka. Dzimbili silifuna kuthamangila."