Wazisudzo Amene Anamanga Dzanja Lake Lamanja

Inu amene mwatopa ndi kukanidwa, tamvani za bambo wina wochita zisudzo.

Tsiku limene anamuseka pamaso pa anzake, bamboyu anali ndi zaka 47. Pa zaka makumi awiri za ntchitoyi, anali asanapatsidwepo gawo la mawu oposa asanu. Kasanu ndi kawiri konse anasewera ngati munthu wakufa, mpaka anzake anamupatsa dzina loti Mtembo.

Pa tsikulo ankasankha munthu woti asewere mu filimu ya moyo wa malemu wina, katswiri wojambula zithunzi ndi penti. Katswiriyu anadwala sitiroko, dzanja lamanja n'kufa, koma zithunzi zimene zinamutchukitsa anazijambula pambuyo pake, ndi dzanja lamanzere.

Nkhope ya Mtembo inkafanana ndi ya malemuyo ngati mapasa. Koma atangogwira burashi ndi manzere, mkulu wotsogolera filimu anaphulika kuseka.

"Achimwene, ndi burashi imeneyo, si tsache! Inu muzingogona basi, n'zimene mumatha."

Mtembo anafika kunyumba atazyolika. Anauza mkazi wake, yemwe anali telala, kuti zisudzo wasiya.

"Munthuyo amupeza?" anafunsa mayiyo.

"Ayi. Akuti adzayesanso pakatha miyezi itatu."

Mayiyo anatenga chidutswa cha nsalu pamakina ake, n'kumumangira dzanja lamanja pachifuwa.

"Kuyambira lero dzanja ili palibe. Tiyi ali apo, imwani."

Tiyiyo anathera pamalaya. Pometa ndevu ankadzicheka. Batani limodzi linkamutengera mphindi zisanu, ana ake akumuseka pakhomo. Koma m'mawa uliwonse ankakhala pakhonde n'kumajambula pa makatoni akale, mpaka phewa kuchita dzanzi.

Patatha mwezi, anapita kunyumba kwa mayi wamasiye wa malemuyo. Kawiri konse mayiwo anamubwezera pageti, chifukwa anali atatopa ndi anthu a mafilimu. Ulendo wachitatu anamuona akulimbana ndi chingwe cha nsapato ndi dzanja limodzi.

"Mwavulala?"

"Ayi amayi. Ndikufuna ndidziwe mmene abambo ankavutikira."

Mayiwo anatsegula geti.

"Anthu amadziwa zithunzi zawo zokha. Palibe amadziwa kuti chaka chathunthu ankalira kubafa kuti ine ndisamve. Lowani."

Anamutsegulira chipinda chimene malemu ankagwiriramo ntchito. Munali kampando ka mwendo umodzi waufupi, maburashi ouma m'zitini za jamu, ndi fungo la penti limene linali lisanathe. Kwa milungu isanu ndi iwiri Mtembo ankabwera tsiku ndi tsiku. Mayiwo sankamunyengerera. Ankamuuza mmene amuna awo ankalumira mlomo akamajambula, mmene ankapukutira burashi pabondo, ndi mmene ankanyamulira dzanja lakufalo n'kuliika patebulo ngati khanda. Akalakwitsa, ankati, "Si iwo amenewo. Yambiraninso."

Tsiku loyesanso litafika, wotsogolera uja anaitana mayi wamasiye uja kuti adzaonerere. Mkuluyo ataona Mtembo pamzere anapukusa mutu, komabe anamulola.

Mtembo anamasula dzanja lija, n'kukhala pampando kamera ikujambula. Anayesa kugwira burashi ndi dzanja lamanja, burashi n'kugwa pansi. Analiyang'ana dzanjalo, msozi uli m'diso koma osagwa. Kenako anawerama, anatola burashi ndi manzere, analuma mlomo, n'kukoka mzere umodzi wonjenjemera pachinsalu.

Mayi wamasiye uja anadzuka. Anadutsa kutsogolo kwa kamera ngati palibe munthu, n'kumukonza kolala.

"Abambo, mwadzipakanso penti. Ndichapa kangati malaya amenewa?"

Atazindikira amene akumulankhula, anagwira pakamwa n'kuyamba kulira.

Wotsogolera uja anavula chipewa.

"Bambo, ndinakulakwirani. Gawoli ndi lanu."

Filimu itatuluka, anthu ankakangana potuluka m'holo. Ena ankalumbira kuti mbali zina ndi makanema akale a malemuyo enieni. Chaka chomwecho bamboyu analandira mphotho yake yoyamba, imvi zili mbuu kumutu.

Abale anga, kuona maso a nkhono n'kudekha. Amene akukusekani lero akuona zimene mukulephera, sakuona zimene mungaphunzire m'miyezi itatu. Lirani ngati zawawa, pukutani misozi, mawa mudzuke mukayesenso. Osataya mtima.