Dothi limene ndinataya kuseri kwa mabini

Ndikudziwa kuti ena mukawerenga izi muziti mayi uyu chisanu cha ku Glasgow chinamulowa m'mutu, koma ine ndine mwana wa mkulu wa mpingo, mowa sindinaulawepo, ndipo zimene ndikuuzenizi ndi zoona. Zinachitika masanasana, ngakhale kuti kuno masana a Januwale ndi dzina chabe. Mayina sinditchula, chifukwa eni ake alipo ndipo ena timakumana nawo m'basi.

Chaka changa chachiwiri kuno ndinkasamalira okalamba m'nyumba zawo, ntchito imene ambirife timayambira, ngakhale kumudzi timawauza kuti tili m'zachipatala. Viza yanga inali yomangirira pa ntchitoyo, moti kulakwitsa kamodzi kokha kunali kukwera ndege, ana anga awiri n'kusiya sukulu. Akuntchito ananditumiza ku Partick, dera lina la mumzinda uno, m'nyumba zakale zosanja zija, pansanjika yachitatu, kwa gogo wina wamkazi amene ine ndinangoti ndi mmwenye, monga timachitira kwathu. Mwana wawo wamkazi, yemwe anali namwino, anandiwongola tsiku loyamba lomwelo kuti iwo ndi Atamilu a kumudzi, kumwera kwa India. Gogowo mutu unali utayamba kuiwala, Chingerezi chonse chinali chitathawa, ndipo masitepe sankatsika popanda wowagwira mkono.

M'mawa woyamba ndinapeza pakhomo ufa woyera, wina ataujambula timadontho ndi timizere tokhotakhota. Inu akwathu, mutadzuka n'kupeza ufa pakhomo mungaganize chiyani? Ndinaulumpha, ndinapemphera chamumtima, kenako ndinatenga mopu. Mawa lake ufa uja uli pomwepo, ine mopu. Gogo ankangondiyang'ana n'kumagwedeza mutu, kugwedeza kwawo kuja kosadziwika ngati akuvomera kapena akukana.

M'chipinda mwawo munali kashelefu, pamene panali kavalo woumba wamaso otuzuka, kanyali, ndi kachitini ka tiyi kodzaza dothi lofiira ngati katondo. Tsiku lililonse gogo ankatsegula kachitiniko, kukhudza dothilo ndi chala n'kudzigwira pamphumi. Ine mutu unkandiwawa masiku amenewo, mwina chifukwa cha mashifiti, koma nditamuuza mnzanga wina wokhala ku Easterhouse, mumzinda momwe muno, amene chilichonse amaonamo chiwanda, anandiuza kuti ndikugwira ntchito m'nyumba ya zithumwa ndipo ndikapanda kuzichotsa ndidwala zenizeni. Kodi ndinamufunsa namwino uja kuti dothilo n'lachiyani? Ayi ndithu, ine wodziwa zonse. Safunsa anadya phula.

Lachitatu lina gogo atagona tulo ta masana ndinatenga kachitini kaja, ndinatsika nako mpaka kubwalo la kuseri kumene kumakhala mabini a zinyalala, ndinakhuthula dothilo patsinde pa kamtengo kopanda masamba n'kulipondaponda ndi nsapato. Kachitini ndinakabwezera pamalo pake kali kotseka. Kavalo yekha ndinamuopa, sindinamukhudze. Palibe anandiona, ndipo zenera la gogo linkayang'ana kumsewu, osati kubwaloko.

Cha m'ma fili koloko ndinali kukhitchini kutsuka mbale, ndikuimba nyimbo yachipambano, pamene ndinamva mphepo yozizira ikundipyoza m'miyendo. Kutuluka, chitseko chili pululu. Pabedi palibe munthu, masilipasi ali pansi, ndodo yawo itatsamira khoma, kachitini kali chivundukulire.

Anzanga, ndinathamanga. Ndinalowa m'sitolo iliyonse mumsewu waukulu, ndinafika kusiteshoni ya sitima ndi mabasi, ndikufunsa aliyense ngati waona gogo wopanda nsapato. Bambo wina anandiyankha zambirimbiri m'Chingerezi chawo chakuno chija, ine ndinangotolapo mawu oti mtsinje. Ndikuuzeni chilungamo ngakhale n'chochititsa manyazi, chimene chinayamba kubwera m'mutu mwanga ndi viza, gogo anabwera pambuyo. Pansi panali poterera ndi madzi oundana, ndipo ndinkadziwa kuti munthu wamsinkhu umenewo, atavala kansalu kopyapyala, sangathe ola limodzi panja.

Foni ndinali nditaisiya kukhitchini, choncho ndinabwerera kuti ndikaimbire apolisi ndi mwana wawo. Ndili pansanjika yachiwiri ndinamva ziboda. Ine ndinakulira kudera kumene abulu amakoka ngolo, phokoso la ziboda pamwala sindingalisokoneze ndi nsapato za munthu. Zinkachokera kumwamba, kukhomo kwa gogo, zikutsika pang'onopang'ono, gu, gu, gu, sitepe ndi sitepe. Ndinakakamira kukhoma, pemphero lililonse litandithawa, ndipo chinthucho chinandidutsa pafupi moti ndinamva kutentha kwa thupi lake ndi fungo la m'khola, koma maso sanaone kanthu. Chitafika pansi sichinalowere kumsewu, chinakhotera kukhomo la kuseri n'kuima, ngati chikudikira. Musandifunse chifukwa chimene ndinachitsatira, miyendo inangopita yokha.

Gogo ndinawapeza atagwada patsinde pa kamtengo kaja, akukanda pansi ndi zala, kutola dothi lofiira n'kumaika m'mphepete mwa nsalu yawo, uku akuimba motsitsa. Milomo inali itatuwa, zala zikutuluka magazi. Anawauza ndani kuti ndinataya pamenepo? Nanga anawatsitsa ndani nsanjika zitatu popanda ndodo? Ndinawafunditsa jekete langa, ndinakuwira mayi wina wa pansanjika yapansi kuti aitane ambulasi, koma gogo anakana kusuntha mpaka nanenso nditagwada m'chisanumo n'kuyamba kuwathandiza kutola.

Kuchipatala anati ndi chibayo. Mwana wawo ankaganiza kuti mayi ake anakataya okha dothilo chifukwa cha kuiwala kuja, moti anandigwira manja n'kundithokoza kuti ndawapeza msanga. Njira yopulumukira inali imeneyo, kungotseka pakamwa basi. Masiku awiri ndinakhaladi chete, ndikuyendayenda m'chipinda changa ku Gorbals ngati nkhuku yofuna kuikira. Tsiku lachitatu ndinapita n'kumuuza zonse, za mopu zomwe.

Sanandikalipire, ndipo bola akanandikalipira. Analira, kenako anandifotokozera kuti kumalire a mudzi wawo kuli nkhalango yopatulika imene munthu sathyolamo ngakhale nthambi. Mmenemo mwandandalika akavalo oumba, amene anthu amapereka kwa mulungu wawo wina, mlonda wa mudzi, yemwe amati amazungulira pa kavalo kuteteza anthu ndi minda. Mulinso manda a munthu wina woyera mtima wakalekale amene ankakhala m'phanga la paphiri n'kumachiritsa odwala. Bambo ake a namwinoyo, omwe anali atamwalira, anatapa dothilo pamenepo tsiku limene ankachoka kumudziko, ndipo chinali chinthu chokhacho chimene mayi ake anali asanaiwale. Ufa uja anati ndi wampunga, amaujambula kuti nyerere ndi mbalame zidye, tsiku liyambe ndi kupatsa. Nditamuuza za ziboda anati mayi ake ankanena kuti mlondayo ntchito yake ndi kusaka otayika.

Za dothi sanakanene kuofesi ya kuntchito kwanga, choncho ndinangolandira chenjezo chifukwa cha chitseko chimene ndinasiya chosakhoma, viza inapulumuka. Koma anapempha kuti atumize munthu wina, ine ndisadzafikenso pakhomopo, ndipo sindimuimba mlandu. Gogo anatuluka m'chipatala koma mphamvu sizinabwerere, anamwalira masamba asanaphuke bwino. Namwinoyo anandiimbira yekha kundiuza kuti anawafumbatitsa dothi lija powaperekeza, ndipo theka lake linali lakuda, la kuseri kwa mabini a ku Partick.

Chimene chimandiluma mpaka lero n'choti zimenezi sizinali zachilendo kwa ine. Kwathu kumanda sitidula mtengo, ndipo ine amene m'sutikesi mwanga muli mpango wa malemu mayi anga umene sindichapa, wina ataukhudza tikhoza kumenyana. Nanga bwanji za mnzanga ndinaziona ufiti?

Ndine Mkhristu ndipo ndidzafa Mkhristu, Lamulungu lililonse mundipeza m'kwaya. Chimene chinandidutsa pamasitepe paja sindichidziwa. Chomwe ndikudziwa n'chakuti tsiku limenelo woimba nyimbo za Mulungu ndi amene anatulutsa nkhalamba m'chisanu, ndipo chimene ndinkachitcha chiwanda ndi chimene chinandilondolera kumene inali. Inu amene mukulowa m'nyumba za eni kuno, mukaona chinthu chosachimvetsa, funsani kaye, manja akhale kumbuyo. Ine ndinakolopa chakudya cha nyerere, ndinataya mudzi wa munthu pamabini, ndipo gogo uja sanaonenso dzuwa la chilimwe.