Aphunzitsi Amene Anatulutsa Mwana Wawo M'kalasi

A Everson Muhiwa anaphunzitsa Sitandade 8 kwa zaka makumi awiri ndi zisanu pasukulu ya pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo, ndipo aliyense amene anadutsa m'manja mwawo amakumbukira kamtengo ka bulugamu kamene kankagona patebulo pawo. Inenso ndinadutsamo. Anatiloweza mayina a mitsinje ya m'mayiko amene sitidzapondako, ankatisunga m'kalasi Loweruka lomwe, ndipo chaka ndi chaka ana a anthu otchola tiyi ankasankhidwa kupita ku sekondale chifukwa cha iwo.

Koma mwana wawo yekhayo, Triza, anamutulutsa sukulu ali Sitandade 2. Ahedi anawaitanitsa, komiti ya makolo inawaitanitsanso, iwo yankho limodzimodzi: mwanayo akuphunzira, kungoti sakhala pabenchi. Kunyumba anamuikira mabuku m'katoni, owerenga akafuna yekha. Tsiku lina atafunsa chifukwa chimene tsamba lobiriwira limasandukira tiyi wakuda, bambo akewo sanamuyankhe. Anamuperekeza kwa amayi otchola m'munda, kenako kwa a Lajabu, mkulu wolawa tiyi pafakitale, amene anamulola kumaonerera ntchito yawo. Ife tikuloweza, tinkamuona pawindo akudutsa m'mizere ya tiyi, kope lili m'khwapa, popanda belu lomuthamangitsa. Tinkamutcha mbuli ya aphunzitsi, koma maso athu sankachoka pawindopo.

Chaka chatha esiteti inalengeza kuti ikufuna munthu mmodzi wodzalowa m'malo mwa a Lajabu, amene anali pafupi kupuma. Ine ndinali nditakhala zaka ziwiri pakhomo pa amayi ndi digiri ya zaulimi, yopanda kopita nayo. Pa onse amene anafunsira tinatsala awiri, ine ndi Triza, ndipo sindinaone chifukwa chodera nkhawa.

Tsiku loyesedwa ndinachita monga anatiphunzitsira ku yunivesite: suti, tayi, nsapato zopolisha, ndi pefyumu wokwanira. Triza anabwera ndi bulauzi wamba, atasamba madzi okhaokha opanda sopo. A Lajabu anandiimitsa pakhomo la chipinda cholawira, mphuno atakwinya.

"Achimwene, mwabwera kudzalawa tiyi kapena kudzafunsira mbeta?"

Anandiuza kuti m'chipindamo simulowa fungo lina lililonse kupatula la tiyi, choncho ndidikire panja Triza amalize. Ndinamuonera pawindo. Makapu asanu ndi imodzi anali pamzere. Ankatunga ndi sipuni, kukokera m'kamwa mwaphokoso ngati munthu wosaleredwa, n'kulavulira m'chitini. Anati kapu yachitatu tiyi wake anapsa poumitsa, yachisanu masamba ake anatcholedwa atakhwima, timitengo tambiri. A Lajabu ankangogwedeza mutu.

Nthawi yanga itakwana, anandivulitsa jekete n'kunditumiza kumpopi, koma fungolo linakana. Makapu onse asanu ndi imodzi, amene tsopano anali atawasinthanitsa malo, ankandikomera mofanana. Ndinayesa kudziwombola ndi pakamwa: ndinafotokoza kutentha koyenera kwa makina oumitsira, ndinatchula zonse zimene zimachitika m'tsamba likamasintha mtundu, ndipo palibe chimene ndinalakwitsa. A Lajabu anayamikira kwambiri, kenako anandifunsa kuti kapu yopsa ndi iti. Ndinaloza yoyamba, n'kuphonya.

Ntchito anapatsa Triza.

Masana omwewo ndinapita kwa a Muhiwa, amene tsopano anapuma ntchito, ndipo ndinawapeza akudulira nthochi kuseri kwa nyumba. Mlandu wanga ndinali nditaukonza bwino. Ndinati ngati ufulu ndiwo maphunziro enieni, anatimana ife dala. Ngati ndodo ndiyo maphunziro enieni, anamana mwana wawo. Kulikonse kumene angathawire, pali amene anamulakwira. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, n'kuseka, amvekere mtsutso ndimautha chikhalire, ndikanakhala loya.

"Musandizembe, aphunzitsi. Bwanji simunatichitire ifenso zomwezo?"

Anatsamira chikwanje chawo.

"Benard, amayi ako anabwera kwa ine ndi dengu kumsana, kunena kuti ukhoze mayeso. Unakhoza. Za Triza palibe amene anandituma, komanso sindinkadziwa kuti zidzatha bwanji. Zaka zonsezi ndakhala ndikuopa kuti ndamupha mwana ndi manja anga. Zoterozo ungayesere pa mwana wa eni ake?"

Mawu amenewo anandipweteka kuposa za kufakitale. Iwo anabwerera ku nthochi zawo, akunena kuti lilime siliphunzira tsiku limodzi, koma ndikadzichepetsa Triza sangakane kundionetsa kagwiridwe ka sipuni.

Triza anayamba ntchito Lolemba lotsatira. Atandipeza pasiteji ya minibasi ndikupita ku Limbe ndi makalata ena ofunsira ntchito, anandipatsa moni mwaulemu n'kundiuza kuti Lachisanu lililonse masana amakhala ndi mpata. Ndinamuyankha kuti ndiona. Papita miyezi isanu ndi iwiri, ndipo sindinapiteko.